Katundu ndi wabwino koma anthu akungosuzumira n'kumapita, showroom yanga ndiikonze bwanji?

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, ndalifupikitsa pang'ono:

"Akatswiri ndithandizeni. Ndimagulitsa katundu wa mu ofesi, madesiki, mipando yozungulira ija, makabati a mafayilo ndi matebulo a misonkhano. Wina ndimaitanitsa ku China ndi ku Joni, wina amandipangira akalipentala a konkuno. Ndinapeza malo ku Old Town, mamita 15 kwa 8, kutsogolo kuli galasi lalikulu. Vuto ndi loti anthu amalowa, kuzungulira kamodzi, kufunsa mtengo wa mpando umodzi n'kumapita. Abambo akunyumba akuti tigwetse siling'i tiike ya gypsum ndi magetsi amitundumitundu, ine ndikuona ngati ndi ndalama zambiri poti nyumbayo ndi ya renti. Katundu ndadzaza yense mkatimo kuti anthu aziona kuti tili ndi zambiri. Ndiyambire pati?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Zimene mwafotokozazi ndaziona m'mashopu ambiri, ku Lilongwe konko ngakhale ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, ndipo kawirikawiri kukonza kwake sikudula ngati mmene anthu amaopera. Pa za siling'i ndili mbali yanu, abambo andikhululukire, tikambirana bwino kutsogoloku. Vuto lenileni mwalitchula nokha kumapeto kwa uthenga wanu, mwadzaza katundu yense mkatimo. Munthu akalowa m'chipinda muli madesiki ogundana, mipando itasanjikizana miyendo m'mwamba, ina ili m'mapulasitiki, makatoni pakona, maso ake sadziwa pogwera ndipo amaopa kukhudza kanthu kuti angagwetse. Ndiye kuti asaoneke ngati wangobwera kudzataya nthawi amafunsa mtengo wa chimene chili pafupi ndi khomo, kuthokoza, n'kutuluka. Si kuti katunduyo sanamukonde ayi, sanamuone n'komwe.

Tiyambe ndi kufunsa kuti amagula katundu wa mu ofesi ndani, poti si yemwe amagula sofa ya pabalaza. Amene amabweretsa ndalama zenizeni ambiri ndi otumidwa, wa procurement (wogulira ofesi zinthu) kapena wa admin wa ku NGO, ku banki, kusukulu ya pulayiveti, kaya ku unduna wina ku Capital Hill. Ndalama si zake ndipo nthawi zambiri womaliza kusankha si iye. Wauzidwa kuti akapeze makotesheni atatu, ndiye akuyenda shopu ndi shopu, nthawi alibe, galimoto ya ku ofesi ikumudikira panja. Chimene amachita ndi kutulutsa foni, kujambula, kutumiza kwa bwana pa WhatsApp. Ndiye dzifunseni, chithunzi chimene angajambule mu shopu mwanu lero chikafika kwa bwanayo chioneka bwanji? Ngati kumbuyo kwa desiki kukuoneka makatoni ndi mopu, oda yapita kwa anzanu. Gulu lina ndi la odzigulira okha, loya amene akutsegula ofesi yake, adokotala a kiliniki yaing'ono, mnyamata wogwirira ntchito pa laputopu kunyumba amene msana wayamba kumuvuta. Awa amafuna akhale pampando, augwedeze, atsegule madilowa. Onsewa akufuna aone mmene ofesi yawo idzaonekere asanatulutse ndalama, ndipo ntchito ya showroom ndi imeneyo basi.

Choncho choyamba kuchita sichifuna ndalama, chimafuna kulimba mtima. Tulutsani katundu. Pa mamita 15 ajawo dulani 3 kapena 4 akumbuyo ndi khoma la mabodi, kumeneko kukhale kosungira makatoni ndi zonse zobwereza. Kutsogolo kutsale chimodzi chimodzi. Ngati desiki yomweyo muli nayo ya makala (mitundu) atatu onetsani imodzi, makala enawo akhale tizidutswa ta bodi topachika pambali pake. Ine ndimafuna kuti pafupifupi theka la pansi lizioneka. Masiku oyamba mudzamva ngati shopu yasauka, achibale adzayamba kufunsa ngati bizinesi ikugwa, musawamvere. Ndipo chonde chonde vulani mapulasitiki. Ndikudziwa ife timaikonda pulasitiki, ngakhale pamipando ya galimoto yatsopano timaisiya miyezi, koma mpando wa m'pulasitiki munthu sakhalapo, ndipo akayerekeza kukhalapo mu Okutobala amadzuka thukuta lili kamukamu. Mipando yachionetsero ikatha miyezi ingapo muziigulitsa motsitsako n'kutulutsa ina, kandalama kamene mwatsitsako muziwerengera ngati kotsatsira malonda.

Malo otsalawo, ngati mamita 11 kwa 8, agaweni ngati kampani yaing'ono yeniyeni imene ikugwira ntchito. Pakhomo siyani mamita awiri opanda kanthu, chifukwa wochokera padzuwa maso amatenga kanthawi kuti azolowere ndipo chilichonse choikidwa pamenepo amangochidutsa. Kenako akumane ndi risepushoni, kauntala yake ndi mipando iwiri itatu ya alendo. Pakati muike madesiki anayi olumikizana okhala ndi timakoma pakati aja, amenewa ndi amene amagulidwa ambiri nthawi imodzi. Ofesi ya bwana ikhale pakona yakumbuyo, desiki yaikulu, kabati kumbuyo kwake, mipando iwiri kutsogolo, kalipeti pansi. Ndikuti kumbuyo dala, poti chokongola kwambiri chikakhala kumapeto munthu amayenda shopu yonse kuti akachione pafupi, ndipo popita ndi pobwera waona zina zonse. Kona inayo tebulo la misonkhano la anthu 6 kapena 8, lalikulu la anthu 20 lija lisalowe, lidya malo onse, limenelo likhale mu katalogu. Makoma ogawira zigawozi safunika, makabati afupiafupi, makalipeti ndi miphika ya maluwa zimagawa bwinobwino, ndipo makabatiwo ndi malonda kale. Pamadesiki ikanipo monita yakale ngakhale yakufa, kiyibodi, mafayilo atatu, basi, ndipo pa imodzi onetsani kumene mawaya amadutsa poti a IT amafunsa zimenezo. Pagalasi lija musamatepo masitika ndi mndandanda wa zonse mumagulitsa, ikanipo ofesi imodzi yathunthu yoyang'ana kumsewu, muzisintha mwezi ndi mwezi, ndipo kumbuyo kwake kusatsekedwe kuti wodutsa aone mpaka mkati.

Tepi ikhale m'manja pochita zonsezi. Njira yaikulu isachepere mamita 1.2 kuti anthu awiri apatukirane komanso wa njinga ya olumala adutse, ndipo penapake pakhale malo a mamita 1.5 poti angatembenukire. Kumbuyo kwa desiki siyani masentimita 90 mpaka mita imodzi kuti munthu akankhe mpando n'kudzuka osagunda khoma. Patebulo la misonkhano munthu mmodzi amafuna masentimita 60 mpaka 70 m'mphepete, ndi mita imodzi kuchokera patebulo kufika kukhoma. Izi si zokongoletsa chabe. Mukapanikiza zinthu mu showroom kasitomala amaganiza kuti ku ofesi kwakenso zikwana chomwecho, amaoda madesiki 10 pomwe chipinda chake chimalola 6, tsiku lokapereka ndiye mkangano, anyamata anu ali pa lole katundu osatsika, bwana wake akuimba foni, aliyense akuloza mnzake.

Tsopano mipando. Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ndalama zimalowera komanso pamene madandaulo ambiri amachokera. Patulani khoma limodzi lam'mbali, muikepo mipando 6 kapena 7 motsatana kuyambira wotchipa mpaka wodula, yotalikirana kuti munthu akhale, azungulire, atsamire osagunda inzake. Pafupi pakhale desiki imodzi yopanda kanthu, ya msinkhu wamba wa masentimita 75, chifukwa mpando suyesedwa pawokha, uyenera kulowa pansi pa desiki. Mipando yambiri ya manja osasuntha imagunda m'mphepete mwa desiki, munthu amakhala chapatali n'kumaweramira kutsogolo tsiku lonse, ndipo msana ukadzayamba adzati mpando wanu ndi woipa. Antchito anu aphunzitseni kumukhazika kasitomala, mapazi aponde pansi onse, ntchafu zigone mowongoka, zigongono zifanane ndi pamwamba pa desiki, m'chiuno mugunde chotsamira. Amukwezere, amutsitsire, amuonetse kachitsulo kotsekera kutsamira. Ndi mphindi ziwiri zokha, koma munthu amene wakhazikidwa chonchi safunsanso kuti bwanji uwu ndi wodula kuposa uwo, wamva yekha m'thupi.

Mabwana ambiri kuno amathamangira chimpando chakuda chooneka ngati chachikopa, chotsamira mpaka kumutu. Muziwauza zoona. Yambiri mwa imeneyi si chikopa, ndi PU, pulasitiki yofanizira chikopa, ndipo ndi kutentha kwathuku kuphatikiza thukuta imayamba kusupuka, tizidutswa takuda n'kumatsala pa malaya oyera. Ya neti kumsana imapitisa mphepo, mu ofesi yopanda eyakoni ndiyo ndingasankhe ine. Ikani iwiriyi moyandikana, akasankhabe chakudacho asankhe akudziwa. China chimene ndimalimbikitsa koma ochepa amachita ndi kashelefu koonetsa masipeya, ma gas lift (kachitsulo kokweza ndi kutsitsa mpando kaja), matayala, manja, tsinde la miyendo isanu lachitsulo ndi lapulasitiki. Lowani mu ofesi yaikulu iliyonse mukaone mulu wa mipando pakhonde lakumbuyo, yambiri yafa kanthu kamodzi kokha, gas lift yaphwa kapena tayala lathyoka, ndipo wa admin zimamuwawa poti ndiye amafunsidwa chaka chilichonse kuti bwanji tikugulanso mipando. Akaona kuti inu mumakonza, wapeza chonena kwa bwana wake kuti tigule kuno.

Ndalama ya siling'i ija ine ndikanaipititsa ku magetsi. Mababu otchipa oyera mbee amene ali ponseponse, olembedwa 6500K pakatoni (nambala yosonyeza kuyera kapena chikasu cha kuwala), amatuwitsa thabwa ndi nkhope za anthu zomwe. Achikasu kwambiri a 2700K ndi a kuchipinda chogona ndi malo odyera. Pa katundu wa mu ofesi funani 4000K, ndipo onse akhale ofanana, osati apa oyera apo achikasu. Yang'ananinso nambala ya CRI pakatoni pomwepo, imene imasonyeza mmene babu limaonetsera makala, ikakhala 90 kapena kuposa makala amaoneka enieni, 80 ndiyo yotsikitsitsa imene mungalole. Cholinga ndi choti munthu asasankhe nsalu akuiona yakuda, ikafika ku ofesi apeze ndi ya buluu. Padesiki yogwirira ntchito muyezo wa kuchuluka kwa kuwala umene timatsata ndi 500 lux, mutha kuika app yoyezera pafoni, siyolondola kwenikweni koma ikuuzani pamene pali mdima. Chipinda chonse chiwale ndi ma panel a LED, kenako muwonjezere timagetsi ta pa njanji tolunjika pa ofesi ya bwana, pamzere wa mipando ndi pagalasi. Ta pa njanjiti ndimatikonda chifukwa mukasuntha katundu mumangotitembenuza, ndipo tsiku losamuka mumamasula n'kunyamula. Zingwe zothwanima zofiira ndi za buluu zija ayi, zisiyireni malo omwera mowa.

Ndiye pali nkhani ya kuzima kwa magetsi imene palibe Mmalawi wofunika kumufotokozera. Kumbuyo kwa shopu ya mamita 15 kuwala kwa pagalasi sikufika, ndipo kumeneko ndi kumene taika ofesi ya bwana. Ubwino wake LED sadya. Magetsi 20 a mawati 15 ndi mawati 300 okha, invetala yaing'ono ndi batire yabwino zikwanitsa maola angapo pamodzi ndi laputopu yolembera kotesheni. Muuzeni wamagetsi aike ofunikirawo pamzere wawo wapadera.

Simunandiuze kuti galasilo layang'ana kuti. Ngati ndi kumadzulo, dzuwa la masana liotcha chilichonse chili pamenepo, nsalu imasuluka, PU imasweka, tepi ya m'mphepete mwa bodi imamatuka. Kumpoto nakonso dzuwa limalowa miyezi yozizira, poti mu Juni ndi Julaye kwathu kuno limadutsa chakumpoto. Ikani filimu yoonekera yotchinga dzuwa, osati yakuda bii imene imabisa katundu, kapena kakhonde panja.

Penti ndidutsapo mwachangu. Makoma akhale oyera mofatsa kapena otuwa pang'ono, penti wochapika wosanyezimira, poti katundu wanu ali kale ndi makala ake. Khoma limodzi lokha, lakumbuyo kwa ofesi ya bwana, mulipake kala yozama, gilini kapena buluu wakuda, pakhalenso dzina la shopu, ndiye chithunzi chilichonse chopita pa WhatsApp chinyamula dzina lanu.

Fumbi la Lilongwe mukulidziwa, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Desiki yakuda yonyezimira ndi tebulo lagalasi zimaonetsa fumbi pakangotha ola, ndiye zisakhale pafupi ndi khomo. Pakhomo pakhale chopondera chachikulu, panja ndi mkati. Kupukuta kukhale m'mawa ndi masana ndi nsalu yonyowa pang'ono, ndipo wokolopa muuzeni asakhuthule ndowa ya madzi pansi. Madesiki ambiri obwera ndi a chipboard kapena MDF (mabodi a tizidutswa kapena utuchi wa matabwa womatidwa) yokutidwa ndi melamine, kapulasitiki kolimba kapamwamba, akamwa madzi kumapazi amafufuma ndipo sabwerera, ndiye onse akhale ndi timiyendo tapulasitiki towakweza pang'ono. Dzinja likafika onani khoma lililonse lochita chinyontho, musatsamize kabati pamenepo, ndipo makatoni kumbuyo kuja akhale pa mapaleti poti chiswe chimayambira pa katoni.

Mwati wina amakupangirani akalipentala a konkuno. Ameneyo musamubise pakona ngati mukuchita naye manyazi, komanso musamunamizire kuti ndi wa ku Joni. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi kuvuta kwa forex kumene tonse tikukudziwa, katundu wopangidwa kuno ali ndi mwayi umene wobwera alibe, mutha kulonjeza tsiku, mutha kusintha muyeso kuti ukwane chipinda cha kasitomala, ndipo akafuna madesiki ena asanu ofanana chaka chamawa simudikira kontena yodzera ku Beira kapena Dar es Salaam. Mpatseni chigawo chake chooneka, pambali pake bolodi la zitsanzo, chidutswa cha paini wa ku Chikangawa, blockboard, plywood, mlombwa, mbawa, chipboard ndi MDF, chilichonse chodulidwa kuti mkati muoneke. Anthu amakonda kugwira, ndipo akanyamula mlombwa dzanja ili chipboard dzanja linalo, nkhani ya kusiyana mitengo yatha. Koma dziwani kuti kuimika katundu wa pamanja pafupi ndi wa fakitale kumaulula zofooka zonse, ndiye akalipentala anu, kaya ndi a ku Mchesi kaya kwina, muwaumirize pa thabwa louma bwino, njanji za madilowa ndi mahinjesi olimba, ndi vanishi wosalala. Thabwa laliwisi limapindika n'kung'aluka lili mu showroom momwemo, makasitomala akuona. Wina akakubweretserani matabwa akuti ndi mkungudza wa ku Mulanje mkaneni, mtengowo ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Mitengo ilembedwe. Ndikudziwa chifukwa chake ambiri salemba, zinthu zikukwera pafupipafupi, ndiponso ena, tisabise, amafuna aone kaye nsapato za kasitomala. Koma wa procurement akaona palibe mtengo amaganiza kuti mumutchaja malinga ndi galimoto imene wabwera nayo. Pangani timakhadi tolowetsa m'kapulasitiki koima padesiki, pakhale nambala ya katundu, muyeso wake monga 120 kwa 60 kapena 160 kwa 80, chimene anapangira, makala amene alipo, waranti, mtengo, ndipo munene ngati VAT ili momwemo. Mtengo ukasintha mumangopulinta kapepala kena. Nambala ya pakhadiyo ikhale yomweyo pa kotesheni kuti bwana ku ofesi afananitse ndi chithunzi chija osaimba foni.

Nanga inuyo ndi antchito anu mukhale pati? Osati pakhomo penipeni, munthu amachita manyazi kulowa anthu atatu atamuyang'anitsitsa. Desiki yanu ikhale chapakati m'mbali, poti mukuona khomo ndi shopu yonse. Tebulo la misonkhano lija ligwire ntchito ziwiri, pamenepo ndi pomukhazika kasitomala, kumupatsa madzi, kutsegula katalogu, kujambula chipinda chake papepala n'kuona kuti madesiki angati akwana. Kotesheni ituluke akadali pampando, zoti tikutumizirani mawa zisiyeni. Mapepala amene amafunsidwa kawirikawiri, satifiketi ya kampani, tax clearance ya ku MRA, ndi kulembetsa kwanu ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ngati mukufuna maoda a boma, akhale m'fayilo imodzi pafupi. Ndipo kalamulo kamodzi kovuta kusunga, mipando yachionetsero si yopumirapo antchito, tchipisi ndi nsima zikadyeredwe kumbuyo.

Siling'i ija tsopano. Ngati imene ilipo ndi yowongoka ndipo sikudontha, ipakeni penti woyera basi. Ngati ili ndi madontho a bulauni ndiye vuto ndi denga, ndipo gypsum pansi pa denga lodontha imanyowa, kufewa, n'kugwa, mwina pa tebulo lanu lodulitsitsa. Limenelo ndi la eni nyumba, akonze kaye. Pa nyumba ya renti ndalama zambiri zipite pa zimene munganyamule posamuka, magetsi a njanji, invetala, makalipeti, chikwangwani. Chilichonse chokhomera kapena chogwetsa pezani chilolezo cha landilodi cholembedwa, mugwirizanenso kuti posamuka zidzatha bwanji, poti ndaonapo anthu atakongoletsa nyumba ya eni ndi ndalama zawo, chaka chotsatira renti n'kukwezedwa chifukwa cha kukongola komweko. Ndiye abambo muwauze kuti siling'i sinakanidwe, ili kumapeto kwa mzere, izidikira kusanja, penti, magetsi ndi makhadi zithe, ndipo ichitike ngati pangano lanu la renti lili la zaka zingapo.

Zambiri mwa izi muchita nokha ndi anyamata anu pa wikendi, koma pali zina musayese. Mawaya onse agwire wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, osati mnyamata wodziwako pang'ono, chifukwa shopu yodzaza siponji, nsalu, makatoni ndi mabodi ikagwira moto imatha msanga, ndipo a inshuwalansi adzafunsa kuti anaika mawaya ndani. Zozimitsira moto zikhale poonekera, chitseko chakumbuyo chisatsekedwe ndi makatoni. Ngati mukuganiza zogumula khoma kapena kumanga kachipinda kam'mwamba kosungira katundu, pamenepo pafunika injiniya, makatoni a madesiki amalemera kuposa mmene amaonekera. Chikwangwani chapanja funsani kaye ku khonsolo ya mzinda musanakhome. Makabati ataliatali akhomeredwe kukhoma, chifukwa mwana wa kasitomala akakoka madilowa akumwamba n'kulendewera, kabati imamugwera. Pakhomo ngati pali sitepe pangani potsetsereka, pathandiza wa njinga ya olumala komanso anyamata anu potulutsa katundu. Wokonza zamkati ngati ife mumufune mukafuna pulani yojambulidwa ndi miyeso, ndipo mutha kulipira pulani yokhayo ntchito n'kumagwira nokha pang'onopang'ono, koma amene akuyamba kukuonetsani zithunzi za ma showroom a ku Dubai asanafunse kuti amagula kwa inu ndani, ameneyo mumuthokoze apite.

Musanasunthe kanthu gulani kabuku. Kwa masabata awiri lembani kuti patsiku alowa anthu angati, akhala pampando angati, apempha kotesheni angati, agula angati, ndipo mukasintha pitirizani kulemba miyezi iwiri itatu. Ngati okhala pampando ndi opempha kotesheni achuluka koma ogula sakuchuluka, ndiye vuto si la kasanjidwe, lili pa mitengo, pa kuchedwa kupereka katundu kapena pa kusawaimbira amene anatenga makotesheni, ndipo pamenepo mukufunika wa maakaunti kapena munthu wa malonda woti aziyenda m'maofesi. Ngati olowa enieniwo ndi ochepa yang'anani chikwangwani ndi poimika galimoto, ku Old Town limenelo ndi vuto lalikulu, mwina eni nyumba angalole kukusungirani malo awiri kutsogolo. Mukalembanso mutumize zithunzi zinayi zojambula kuchokera pakona iliyonse, munenenso kumene galasi layang'ana ndi pamene pali chitseko chakumbuyo, ndikuuzani kona yoyenera ofesi ya bwana ndi khoma loyenera mipando.